Ukapiteni Ndinaukana

Chaka chimene gulu lathu linakwanitsa zaka zinayi tinalipo anthu oposa makumi awiri, ndipo mwa onsewo wopanda udindo ndinali ine ndekha. Tinali ndi Kanelo mmodzi, a Meja anayi, a Kapiteni angapo, ndi a Lefutenanti ochuluka moti ndinaleka kuwawerenga. Msilikali wamba panalibe ngakhale wa mankhwala. Linali gulu lankhondo la mabwana okhaokha, aliyense ndodo kukhwapa, kufunafuna woti amulamule.

Tinali Amalawi okhala ku Nairobi, ambiri ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu ndi m'mipingo. Loweruka lililonse masana tinkakumana pabwalo la sukulu ina ku Madaraka, n'kumayeserera momwe makolo athu anapitira ku nkhondo yoyamba ija ya azungu. Tinkavala makabudula a khaki ndi majombo ogula pa kaunjika, amene kuno amati mitumba. Tinkaguba, kuimba nyimbo za asilikali, ndipo kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu mu Julaye, tinkaonetsa zonsezo pamaso pa anthu. Chinatiyambitsa n'kusowa kwathu basi. Munthu ukakhala kunja zaka zambiri, ngakhale nyimbo imene unkaida kusukulu imayamba kukoma.

Ine gawo langa linali la mtengatenga. Amtengatenga anali anthu aja ankagwidwa m'midzi kuti azisenza katundu wa asilikali: zipolopolo, ufa, mahema, ngakhale bafa la bwana. Analibe mfuti, analibe nsapato, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amtengatengawo, koma iwo anabwerera. Sindinawaone, anamwalira ndisanabadwe, ndipo palibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Chimene bambo anga ankakumbukira n'chakuti pakati pamutu pawo panalibe tsitsi chibwerereni kunkhondoko, linathera pansi pa katundu iwo akadali mnyamata. Mbiri yonse ya agogo anga ndi dazi limenelo. Ndiye pamene gulu linkayamba, ndinanena kuti ine mfuti yamtengo sindiifuna, ndipatseni bokosi.

Ndisaname, maudindowa sanayambe moipa. Chaka choyamba udindo unali umodzi wokha, wa Sajeni Meja, ndipo tinaupereka kwa bambo wina wachikulire amene ankalondera pachipata cha tchalitchi china ku Kawangware. Bambowa anabwera ku Kenya kalekale ndi amishoni, amishoniwo atapita iwo anatsala. Ali mnyamata anakhalapo msilikali weniweni kwathu, koma sanakwere n'komwe. Pamisonkhano ya Amalawi anali munthu womutuma kukonza mipando. Tinkangoti madala, madala, ndipo chakudya ankalandira pomaliza, nyama itatha.

Tsiku limene tinawapachika wezulo m'khosi ndinaona munthu akutalika ndikuyang'ana. Msana uja unali wopindika unawongoka. Mawu amene tinkaganiza kuti alibe anatuluka, mpaka amayi ogulitsa masamba a sukuma kuseri kwa mpanda anabwera kudzasuzumira. Munthu amene sabata yonse ankatsegulira anthu geti, Loweruka ankaimika madokotala ndi akuluakulu a mabungwe pamzere n'kumawafunsa ngati miyendo yawo inali yobwereka. Ankafika oyamba, malaya atasita ndi simbi yamakala mpaka mzere wake ungakucheke chala. Anthu anasiya kunena kuti madala. Ngakhale kutchalitchi Lamlungu tinkati, “Mwadzuka bwanji a Sajeni?” ndipo mbale yawo inayamba kubwera ndi nyama. Amene amati maina aulemu ndi zachibwana sanawaone bambo amenewa.

Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kusenza. Bokosi langa anandikhomera kalipentala wina ku Rongai kumene ndimakhala, ndipo poyamba ndinkalisenza lopanda kanthu. Tsiku lina a Sajeni anaimitsa perete n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amayi, mukupita kunkhondo kapena ku kitchen party?”

“Ndalakwa chiyani a Sajeni?”

“Khosi lanu likunama. Munthu amene wasenza sayang'ana uku ndi uku.”

Loweruka lotsatira ndinaika matumba awiri a mchenga m'bokosimo, ndinapota nkhata ya chitenje chakale, ndinavula nsapato. Titazungulira bwalo katatu, khosi linali moto, ndipo ndinalira. Sikunali kupweteka kokha ayi. Ndinali nditakumana ndi agogo anga koyamba.

Zinthu zinayamba kupotoka chifukwa cha dokotala wina, mkulu pa bungwe lalikulu ndithu, amene kukalipiridwa ndi mlonda kunkamuwawa ngakhale ankaseka nawo. Anabwera ndi nzeru yakuti perete weniweni amafuna Kanelo woimirira kutsogolo n'kumalandira saluti. Anthu anavomera, ndipo poti nzeru inali yake, ukanelo unagwera iye. Kuyambira pamenepo sanagubenso. Anzake ataona kuti pamthunzi pali malo, nawonso anayamba kudwala mawondo, ngakhale kuti kuguba sanakusiyiretu. Paphwando la Disembala chaka chilichonse kunkakhala kukwezana, ndipo nyota zinkatsata ntchito ya munthu mkati mwa sabata. Wa ofesi yaikulu, Meja. Wa galimoto ya bungwe, Kapiteni. Mwana wa a Meja, Lefutenanti.

Amalawife dzina laulemu likatigwira silitisiya, limakakamira ngati chisoso pa chitenje. Akazi a mabwanawa anasanduka Mayi Meja ndi Mayi Kanelo. Pagulu lathu la pafoni anthu anasintha maina. Tsiku lina tili pa maliro a mnzathu, tikudikira kuti thupi linyamuke kupita kumudzi, ndinaona mipando yakutsogolo ikugawidwa potsata nyota za Loweruka, achibale a malemu ataima kumbuyo. Meja wina mpaka aneba ake a ku Kenya ankamuopa, ankaganiza kuti ndi msilikali wopuma, pamene munthuyo ngakhale nkhuku sapha.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zonsezi zinali bodza ngakhale pa mbiri yomwe tinkati tikuikumbukayo. Pa nkhondo ija munthu wakuda sankakhala Kanelo kapena Meja. Amenewo anali azungu. Wathu akakwera kwambiri ankathera pa usajeni womwewo. Ndiye kuti tinasonkhana kuti tikumbuke makolo athu, koma tonse tinathamangira kukakhala azungu aja. Ndinanena zimenezi pamsonkhano kawiri. Anandiyankha kuti ndimakonda kulimbana ndi zinthu.

Amtengatenga tinayamba tilipo asanu. Mmodzi anakwezedwa atangokwatiwa ndi Kapiteni. Wina anati msana. Awiri anawakweza tsiku limodzi ngati mphatso ya Khirisimasi. Ndinatsala ndekha kumbuyo kwa mzere, ndi bokosi langa, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzalitsitse, palibenso adzalinyamule.

Chaka chachinayicho zinthu ziwiri zinachitikira pamodzi. Kuntchito anandikweza kukhala mkulu wa nthambi yathu, ndipo kunamveka kuti pa chikondwerero cha Julaye kudzabwera mlendo wolemekezeka wochokera kumudzi. Patatsala milungu itatu, a Kanelo anandiitanira pambali titamaliza kuguba. Anali ndi a Meja awiri, ndipo mmodzi ananyamula chinthu chokutidwa ndi pepala la pulasitiki.

“Mayi, tili ndi good news,” anatero a Kanelo. “Komiti yaona kudzipereka kwanu. Kuyambira lero ndinu Kapiteni.”

Anavundukula pepala lija. Inali jekete ya khaki, nyota zitatu paphewa lililonse, mabatani onyezimira. Anali atafunsa kale saizi yanga kwa telala amene amandisokera.

“Zikomo,” ndinatero. “Nanga bokosi asenza ndani?”

Anayang'anana. Meja wina anayamba kukonza chipewa chake.

“Bokosi chaka chino tilipumitse kaye. Mukudziwa kukubwera alendo. Ndi nkhani ya image. Munthu ngati inu, head of department, osavala nsapato, chiguduli m'thupi, pamaso pa anthu a ku Kenya? Adzati Amalawi ndi anthu otani?”

“Adzati ndi anthu amene anasenza.”

“Mayi, musatenge zinthu personal.”

“Ndi agogo anga. Ndizitenge bwanji?”

Ndinawauza kuti mumzinda womwe uno muli dera lonse lotchedwa Kariokor pokumbukira amtengatenga a kuno, ndipo sindinaonepo munthu wa ku Kenya akuchita manyazi kukwera matatu, minibasi ya kuno, yopita kumeneko. Ndinawauzanso zina zimene sindingalembe pano, pakuti pakamwa panga pakatentha sipasankha. A Kanelo anangomwetulira ngati mmene amamwetulira madokotala kwa wodwala wovuta, n'kunena kuti nkhani yatha kale ku komiti. Jekete anaiika pa galimoto yanga.

Ndinapita nayo kunyumba, ndipo pano ndiulule. Nditafika ndinatseka chitseko n'kuivala. Inandikhala bwino, mwinanso kuposa zovala zanga zonse. Ndinaima pagalasi, ndinatembenuka uku ndi uku, ndinayesa saluti. Ndinamva kukoma kwake mpaka m'mimba, ndipo ndinawamvetsa anzanga onse aja. Ndani safuna kutchedwa dzina lalikulu kudziko la eni, kumene pa ofesi ya ma viza umakhala nambala chabe? Koma kwathu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anthuwa sankandilemekeza ine. Ankagula bokosi, ndipo mtengo wake unali nyota zitatu. Ndinaivula, ndinaipinda bwinobwino, n'kuibwezera m'pepala lake.

Mayi Kanelo anandiimbira foni kawiri sabata imeneyo. Koyamba ananyengerera, akuti amayi tonse tidzanyadira kukhala ndi Kapiteni wamkazi wina. Kachiwiri anandikumbutsa kuti Nairobi ndi yaing'ono ndipo Amalawi tilipo ochepa. Ndinawayankha kuti n'chifukwa chake sindingasowe, adzandipeza kumbuyo kwa mzere.

Kwa a Sajeni sindinanene kanthu. Ndinkadziwa kuti wezulo ija ndi chinthu chokhacho chimene anali nacho mumzinda uno, ndipo sindinafune kuwakokera m'nkhondo yanga.

Tsikulo kunazizira monga kumachitira ku Nairobi mu Julaye, kumwamba kuli phulusa lokhalokha. Ndinanyamuka ku Rongai m'mawa kuopa mzere wa magalimoto, bokosi lili kumbuyo. Pabwalo panali mahema, mipando yovekedwa nsalu zoyera, ndi anthu ambiri, Amalawi ndi anzathu a kuno. Ndinadikira m'galimoto mpaka gulu litaima pamzere. Kenaka ndinavula nsapato, ndinavala chiguduli changa, ndinapempha mayi wina wogulitsa mandazi kuti andisenzetse. Anandiyang'ana modabwa n'kunena m'chinenero cha kuno kuti, “Pole, mama,” ndiko kuti pepani amayi. Udzu unali wozizira ngati madzi a m'mtsuko.

Ndinayenda kudutsa kutsogolo kwa a Meja onse, jekete ija ili m'manja, ndinaipereka kwa a Kanelo, n'kukaima pamalo anga kumbuyo. Nkhope yawo inachita mdima. Sakanatha kukuwa poti alendo anali atakhala kale. Anaitana a Sajeni ndi chala.

“Sajeni Meja, chotsani mayi uyo pamzere. That's an order.”

A Sajeni anamenyetsa majombo pansi, anapereka saluti yoti mkono unanjenjemera, n'kutembenuka. Anabwera molunjika kwa ine. Ndinali nditakonzeka kukangana ndi aliyense kupatula iwowa. Anaima patsogolo panga, anayang'ana bokosi, anayang'ana mapazi anga.

“Muli mchenga?”

“Matumba awiri, a Sajeni.”

“Nkhata yapendekeka. Konzani.”

Anabwerera kutsogolo n'kuliza wezulo.

A Kanelo analibe nthawi yochita china chilichonse. Anathamangira pa nsanja kukaima pambali pa mlendo wolemekezeka uja kuti alandire saluti. Ng'oma inayamba, nyimbo inayamba, tinanyamuka. Ine ndinkabwera pambuyo, patali pang'ono, chifukwa munthu wosenza mchenga sangafanane liwiro ndi wonyamula ndodo. Ndinkamva anthu akung'ung'udza, ena akuseka, mwana wina akufunsa amayi ake kuti azakhali aja alakwa chiyani.

Dongosolo linali lakuti tikafika pa nsanja, a Sajeni akuwe kuti maso kumanja, onse apereke saluti kwa a Kanelo ndi mlendo. Tinayeserera zimenezo miyezi itatu. Titafika pamenepo wezulo inalira kawiri, kutanthauza kuti imani. Gulu linaima. Kenaka mawu aja anatuluka, omveka mpaka kumsewu.

“Pereteee! Tembenukani!”

Anthu amene aguba zaka zinayi pansi pa mawu amodzi saganiza, miyendo imamva yokha. A Meja, a Kapiteni, a Lefutenanti, onse anatembenuka kamodzi n'kupezeka apatsa nsanja mbali, akuyang'ana kumene ndinkachokera ine, ndikubwera ndekha pakati pa bwalo, khosi lili gwa.

“Kwa amene anasenza! Saluti!”

Manja onse anakwera. Ena ndinawaona m'maso kuti azindikira mochedwa chimene achita, koma dzanja linali lili kale pachipumi, ndipo kulitsitsa pamaso pa anthu kukanakhala kuchita manyazi kawiri. Ng'oma inasiya. Ndinayenda mtunda wotsalawo m'kachetechete, ndikumva mapazi anga okha pa udzu. Sindikanatha kuyang'ana uku ndi uku, a Sajeni ananena zoona. Misozi inkangotsikira m'chiguduli, yopanda woipukuta, poti manja onse anali ku bokosi.

Mlendo uja anaimirira, ndipo anthu onse anaimirira naye. Pambuyo pake ndinamva kuti anagwira a Kanelo chanza n'kuwayamikira chifukwa cha nzeru yozama yothera perete mwanjira imeneyo. A Kanelo anayankha kuti komiti inaganizira kwa nthawi yaitali.

Ndinapita kunyumba ndikuimba. Ndinkaganiza kuti tapambana, ndipo apa m'pamene ndinaonetsa kuti anthu anga sindiwadziwa.

Patapita milungu iwiri kunaitanidwa msonkhano wa gulu lonse. Panabwera keke. A Kanelo anayankhula motalika za ntchito yaikulu imene a Sajeni agwira, za msinkhu wawo, za kufunika kolemekeza akuluakulu akadali moyo. Kenaka analengeza kuti komiti yawakweza kukhala Brigediya waulemu, udindo woposa wa wina aliyense m'gululo. Anatulutsa mpando wa khushoni wolembedwa udindowo kumsana, woti azikhalapo pamthunzi Loweruka lililonse. Ndipo poti Brigediya saliza wezulo, anawapempha kuti aipereke kwa Lefutenanti wina, mphwake wa Meja.

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Ine ndinaimirira, ndipo mpando wanga unagwa.

“Uku si kukweza munthu, uku n'kumuchotsa! Bwanji osangonena kuti mwakwiya?”

“Mayi,” anatero a Kanelo mofatsa, “inu ulemu munaukana. Musakanirenso ena.”

Ndinayang'ana kwa a Sajeni kuti anene kanthu. Iwo anangondikwezera dzanja pang'ono kuti ndikhale pansi. Anavula wezulo m'khosi, anaipukuta ndi mpango, anaipereka ndi manja awiri. Anadya keke yawo, anathokoza, n'kunyamuka kukakwera matatu. Ndinawaona akutuluka pageti, ndipo msana uja unali utayambanso kupindika.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Ndinali nditapulumutsa bokosi, koma wolipira anali munthu amene analibe china. Ine Lolemba ndinabwerera ku ofesi yanga kumene anthu amaimirira ndikalowa. Iwo anabwerera ku geti. Kukana kwanga kunali kotchipa kwa ine, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa mawu onse a Mayi Kanelo. Ndinaganiza zosiya gululo, koma kusiya kukanakhala kuwapatsa chimene ankafuna pachiyambi pomwe.

Loweruka ndinapita, mtima uli wolemera. Mpando wa khushoni unali pamthunzi, wopanda munthu. Lefutenanti uja ankaliza wezulo ngati woimbira mpira, ndipo mabwana ankapondana zidendene, wina lefuti wina laiti. Ndinatsitsa bokosi langa m'galimoto n'kuyamba kupota nkhata.

Ndipamene ndinaona a Sajeni akulowa pageti. Analibe malaya osita aja. Anavala kabudula wakale ndi thumba la makala loboola pakhosi, majombo atawasiya kunyumba. Ankakoka sutikesi yachitsulo yadzimbiri, imene ndikukhulupirira ndi yomwe anabwera nayo ku Kenya. Anadutsa mpando wa khushoni osauyang'ana, anadutsa a Kanelo, anadzaima pambali panga kumbuyo kwa mzere.

“A Sajeni, n'chiyani chimenechi?”

“Usajeni unatha, amayi.”

“Ndiye a Brigediya.”

“Amenewo ali pampando apo, kawafunseni.” Analoza sutikesi ija. “Muli njerwa zinayi. Ndisenzetseni.”

“Pamsinkhu wanuwu? Khosi lidzakupwetekani.”

“Nanga agogo anu linkawakomera?”

Anandipatsa nkhata yawo, yopota ndi thawulo lakale, n'kuvula chipewa. Zaka zinayi zonsezo ndinali ndisanawaonepo opanda chipewa. Atawerama kuti ndiwaike nkhata ija, ndinaona kuti pakati pamutu pawo panalibe tsitsi ngakhale limodzi. Ndinangoima ndikuyang'ana dazilo, nkhata ili m'manja.

“Fulumirani amayi, perete akutisiya.”

Ndinawasenzetsa, iwo anagwirira bokosi langa ndi dzanja limodzi mpaka linakhazikika. Tinanyamuka awiri kumbuyo kwa mabwana aja, osavala nsapato. Kutsogolo wezulo inkangolira mosokoneza, koma pambali panga ndinkamva mawu apansipansi akuwerenga, lefuti, laiti, lefuti, ndipo mapazi anga anatsata amenewo.